Thanki yaikulu kapena nsanja yaitali?

Chaka chatha, m'mwezi wa August, ndidatsala pang'ono kudana ndi atcheya a komiti ya makolo pasukulu pathu. Chomwe tidakanganira ena angachiseke: madzi otuluka m'payipi amafika patali bwanji, ndipo chimawafikitsa kumeneko n'chiyani?

Ndine mphunzitsi wa fizikisi ndi masamu pasekondale ina yoyendera, kumudzi kuno ku Dedza. Zaka zingapo zapitazo bungwe lina lidatikumbira chitsime chakuya, n'kutiikira pampu ya sola ndi thanki ya malita 2,500. Thankiyo adaikhazika pansanja ya njerwa yotalika mita imodzi ndi theka. Pa zakumwa ndi kusamba m'manja padalibe chodandaula. Vuto lidabwera titatsegula dimba. Dimba limeneli si lamasewera. Ndalama za repu, tomato ndi anyezi ndi zomwe timagulira choko ndi mapepala a mayeso a pakutha pa teremu, ndipo chaka chilichonse tinkalipirirako fizi ya mayeso a Fomu 4 ya ophunzira angapo omwe kwawo zinthu sizidali bwino.

Pakati pa dimbali padutsa kanjira, ndipo mabedi ali mbali zonse ziwiri, lililonse lotalika mamita 10. Payipi yothirira imafika m'kanjirako. Munthu akaima pamenepo n'kutsina kukamwa kwa payipi ndi chala, madzi ankafika mamita atatu basi, ndiye kuti thanki ili yodzaza. Ikatsala pang'ono kutha ankangogwera pafupi ndi mapazi. Tidayesa kulumikiza payipi ina yobwereka kuti tizilowa nayo m'mabedi, koma madzi ankatuluka mwaulesi kuposa kale, komanso poikoka inkathyola mbewu. Choncho mamita 7 otsalawo adali a makheni. Osenza makheniwo adali ophunzira, makamaka atsikana, ndipo kawirikawiri ankachoka m'kalasi papiriyodi yomaliza, yomwe mwatsoka masiku ambiri inkakhala yanga.

Makolo atagulitsa kachewere adasonkha ndalama zoti tikonzere vutoli. Zidali zokwanira chinthu chimodzi chokha. Pamsonkhano atcheya, bambo wachikulire wolemekezeka yemwe adagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya zaka zambiri, adaimirira nati: "Nkhaniyi njosavuta. Thanki ndi yaing'ono. Tigule ya malita 5,000. Madzi akachuluka, pulesha ichuluka."

Anthu adaomba m'manja. Ine ndidakweza mkono.

"Atcheya, pepani ndithu, thanki yaikulu siponya madzi patali. Tingoikweza yomwe ilipoyi."

Adandiyang'ana kaye kuyambira kunsapato. "Aphunzitsi, Linthipe akasefukira, ndi kakhwawa ka kuseri kwa sukulu kaja, wamphamvu ndani?"

Holo yonse idaseka. Ahedi pofuna kundipulumutsa adapempha kuti andipatse sabata imodzi ndionetse zomwe ndikunena, ndalama zisanatuluke.

Lolemba lake ndidapita ndi nkhaniyi ku Fomu 3. Ndidatenga botolo la pulasitiki la malita awiri, n'kuliboola mabowo atatu ndi msomali wamoto: lapansi pa masentimita 6 kuchokera kutako la botolo, lapakati pa 12, lapamwamba pa 18. Madzi tidathira mpaka pa masentimita 24, mnyamata wina akuwonjezera kuti asatsike. Ndisanachotse zala pamabowo ndidalengeza molimba mtima, monga momwe chithunzi cha m'notsi zanga zakale chimaonetsera, kuti bowo lapansi ndi lomwe liponye madzi patali kwambiri, poti ndi lomwe lasenza madzi ambiri pamwamba pake. Botolo tidaliika pasimenti pakhonde. Nditachotsa zala, madzi a bowo lapakati ndi omwe adapambana. Lapansi ndi lapamwamba adagwera pafupifupi malo amodzi.

Kudangoti zii. Kenaka mtsikana wina wokhala kumbuyo, yemwe sayankhulayankhula m'kalasi, adati: "Sala, apansiwo akuthamangadi, koma alibe nthawi. Akungotuluka n'kupeza simenti."

Ndidachita manyazi, koma mwanayo adalasa. Kwa zaka ndakhala ndikujambula chithunzi chimenechi pabolodi osachiyesa. Titanyamula botolo lomwelo n'kuliika m'mphepete mwa tebulo kuti madzi azigwera pansi patali, bowo lapansi lidapambanadi. Apa mpomwe tonse tidaona kuti mtunda womwe madzi amayenda umachokera pa zinthu ziwiri zophatikizana: liwiro lomwe atuluka nalo, ndi nthawi yomwe akhala m'malere asanagunde nthaka.

Tiyambe ndi liwiro. Munthu yemwe adalongosola bwino za ichi ndi Evangelista Torricelli wa ku Italy, amene adakhala mlembi wa Galileo Galilei m'miyezi yomaliza ya moyo wa mkuluyo. M'buku lake lomwe lidatuluka mu 1644 adaonetsa kuti madzi otuluka pabowo amakhala ndi liwiro lofanana ndi la mwala womwe waugwetsa kuchokera pomwe madziwo alekeza pamwamba kufika pabowopo. Ngati pamwamba pa madzi pali mamita awiri kuchokera pabowo, liwiro ndi mamita 6 ndi pang'ono pasekondi. Ngati ndi mamita asanu, liwiro ndi pafupifupi mamita 10 pasekondi. Kuti liwiro liwirikize kawiri, kutalika kuyenera kuwirikiza kanayi. Muone kuti m'lamulo limeneli mulibe malita. Kaya madziwo ali m'thanki yotakata ngati nyumba, kaya ali m'kapayipi koima konga bango, ngati alekeza pamlingo umodzi, pulesha ya pansi ndi imodzimodzi. Thanki ya malita 5,000 yomwe tidakaiyeza kwa ogulitsa idali yotalikirapo ndi theka la mita chabe poyerekeza ndi yathu. Kukula kwake kwambiri kudali kwa m'mimba.

Tsopano nthawi. Madzi akangochoka m'payipi palibenso chowakankha. Dziko limayamba kuwakokera pansi nthawi yomweyo, ndipo silisamala kuti akuthamangira kutsogolo mwaliwiro lotani. Gwirani payipi mopingasa, mamita 1.25 kuchokera pansi: madzi agunda nthaka pakatha theka la sekondi, kaya ndi aulesi kaya ndi aliwiro. Ngati atuluka pa mamita 10 pasekondi, agwera pa mamita asanu. Mukafuna kuti apitirire apo muyenera kuwagulira nthawi, ndipo nthawiyo mumaigula polozetsa payipi m'mwamba pang'ono. Koma mukailozetsa m'mwamba kwambiri, liwiro lonse lithera kukwera ndipo madzi akugwerani pamutu. Galileo adalemba mu 1638 kuti chinthu choponyedwa chimafika patali kwambiri chikanyamuka pa madigiri 45, ndiko kuti pakatikati pa kuloza kumwamba ndi kuloza kutsogolo. Pindani pepala la mbali zinayi zofanana kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo, mzere womwe utuluke ndi umenewo. Amene mudakhalapo abusa mukukumbukira mpikisano uja anyamata amachita kuseri kwa chulu. Katswiri wake ankawadziwa madigiri amenewa asadaponde m'kalasi.

Mukaphatikiza Torricelli ndi Galileo mumapeza kalamulo kosavuta kusunga pamtima: mtunda wautali kwambiri womwe madzi angafike ndi kuwirikiza kawiri kutalika kwa madzi pamwamba pa potulukira. Thanki yathu ikadzaza, pamwamba pa madzi padali mamita atatu kuchokera pansi. Kuchotsapo mita imodzi ya pomwe munthu amagwirira payipi, kutsala mamita awiri. Kuwirikiza kawiri, mamita anayi. Ife tinkapeza atatu. Thanki ya atcheya ikadatiwonjezera mita imodzi ikachuluka.

Loweruka komiti idabweranso. Pansi pa mtengo wa mango tidaimika mgolo wa malita 200 wodzaza. Pa nthambi, mamita atatu m'mwamba, anyamata adapachika ndowa ya malita 20. Tidatenga kapayipi koonekera mkati kamene amisiri amayezera levulo ya maziko, n'kuikako mutu wa bolopeni yakutha kukamwa kwake, ndipo kukamwako tidakutsamiritsa panjerwa pansi. Titakoka madzi a mumgolo, adagwera mita imodzi ndi pang'ono. Titakoka a m'ndowa ndi kapayipi komweko, adauluka mamita atatu ndi theka n'kunyowetsa nsapato za mayi msungichuma.

Atcheya adati tibwereze. Tidabwereza. Adati tisinthe wogwira kapayipi, tidasintha, adagwira okha. Kenaka alonda athu, agogo omwe sadapite patali ndi sukulu, adatenga kapayipiko n'kukalozetsa kumwamba. Madzi adakwera mpaka kutsala pang'ono kufika pomwe padali ndowa, n'kubwerera.

"Mwaona," adatero agogowo, "akufuna kubwerera kwawo komwe achokera, koma akuperewera pang'ono."

Sindidamvepo munthu akulongosola lamulo la Torricelli mwachidule chotero. Madzi sangakwere kupyola pomwe achokera. Za Linthipe ndidawayankha atcheya mwaulemu kuti mtsinje umakokolola ng'ombe kaamba ka kuchuluka kwa madzi, zimenezo n'zoona, koma ife sitikufuna kukokolola ng'ombe. Tikufuna kuponya madzi ochepa patali, ndipo chimenecho chimafuna liwiro.

Adavomera, ngakhale nkhope sidavomere. Kuseri kwa makalasi kuli kamtunda komwe n'kokwera mamita atatu poyerekeza ndi dimba. Pamenepo tidamangapo nsanja ya mamita awiri ndi theka. Apa ndichenjeze aliyense amene angafune kutengera: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 2,500 yodzaza ndi chimodzimodzi matumba 50 a chimanga a makilogalamu 50. Nsanja yotere si yomanga ndi ophunzira pa tsiku la ntchito za manja. Tidaitana mmisiri weniweni, ndipo ndalama zambiri zidathera pasimenti, zitsulo ndi mapayipi.

Tsopano kuchokera pamwamba pa madzi kufika padzanja la wothirira padali mamita 6. Ine, pokondwa ndi chipambano changa, ndidalakwitsa chinthu chimodzi: ndidalonjeza pagulu kuti madzi afika mamita 12. Tsiku lotsegulira tidayala tepi m'bedi la anyezi. Madzi adagwera pa mamita 8.

"Aphunzitsi," adatero atcheya mokweza kuti aliyense amve, "mamita anayi enawo mwadya ndinu?"

Ndidadziwa komwe adapita, koma ndidali nditawaiwala dala powerengera, monga timachitira m'mafunso a mayeso pomwe timalemba kuti wophunzira asalabadire za mpweya. Akuba adalipo awiri.

Woyamba ali m'kati mwa payipi. Madzi akamayenda amakhulana ndi makoma a payipi, ndipo gawo la mphamvu yawo limathera pamenepo. Payipi ikakhala yaitali, yopyapyala, yokhotakhota, kapena madzi akamathamanga kwambiri m'katimo, zotayika zimachuluka. N'chifukwa chake payipi yobwereka ija idangoonjezera ulesi. Ndipo apa mpomwe pali chinsinsi cha chala. Ambiri amaganiza kuti ukatsina payipi ndiye kuti chala chako chikuwonjezera mphamvu. Chala sichipanga mphamvu iliyonse. Chimangochepetsa madzi odutsa pamphindi, motero m'kati mwa payipi madzi amayenda pang'onopang'ono, kukhulana kumachepa, ndipo mphamvu yomwe ikadatayika panjira imafika yonse kukamwa n'kusanduka liwiro. Ungatsine motani, sungapyole malire omwe kutalika kwa thanki kwaika. Ukatsinitsa, umagwa m'manja mwa wakuba wachiwiri.

Wachiwiriyo ndi mpweya, ndipo nkhani yake ndi yomwe idandisangalatsa kwambiri. Tsegulani mpopi pang'ono, muyang'anitsitse. Pamwamba madzi amatsika ngati chingwe chosalala cha galasi. Chapansipo chingwecho chimayamba kuchita timfundo, kenaka chimaduka kukhala madontho. Madzi ali ndi khalidwe lodzikoka okha kuti akhale timipira, ndipo chingwe chopyapyala chimaduka msanga kuposa chonenepa. Madzi akamathamanga kwambiri, mpweya nawo umasenda chingwecho m'mbali n'kuchimwaza. Pomwe chili chingwe, madzi a kutsogolo amatsegulira njira a kumbuyo. Chikangoduka, dontho lililonse limalimbana ndi mpweya palokha, ndipo laling'ono ndi lomwe limagonja msanga popeza khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake. Amayi pouluza chimanga amadalira zomwezi: njere zimagwa pansi molunjika, mankhusu amatengedwa. Mpweya ndi wamphamvu kotero kuti dontho lalikulu la mvula, ngakhale lachokera m'mitambo makilomita angapo m'mwamba, limafika pansi pa liwiro la mamita 9 okha pasekondi. Popanda mpweya mvula bwenzi tikuithawa ngati miyala.

Mukayang'ana madzi a payipi cha m'mbali muona kuti njira yawo si uta wofanana mbali zonse ngati wa m'buku. Amakwera motambalala, koma kumapeto amagwa mwadzidzidzi ngati atopa. Kaamba ka ichi madigiri 45 a Galileo sakhalanso abwino koposa. Ozimitsa moto, omwe madzi awo amathamanga kwambiri, amaphunzitsidwa kuti amafika patali akaloza pakati pa madigiri 30 ndi 35. Ophunzira anga adadula katoni n'kujambulapo madigiri, ndipo titayesa m'dimba lathu tidapeza kuti pakati pa 35 ndi 40 mpomwe pankatipatsa mtunda wabwino. Tidapezanso kuti kutsina pang'ono, kosiya chingwe chonenepa, kumaposa kutsinitsa komwe kumangotulutsa nkhungu. Zonsezi zidatibwezera theka la mita.

Kuti ophunzira aone kuti vutoli si la dimba lathu lokha, ndidawauza za kasupe wochita kupanga wa mumzinda wa Geneva ku Switzerland, wotchedwa Jet d'Eau. Mapampu ake amaponya kumwamba malita 500 pasekondi iliyonse, kutanthauza kuti thanki yathu ingathe m'masekondi asanu. Madziwo amatuluka pa liwiro la makilomita 200 pa ola. Tidawerengera pabolodi: popanda mpweya akadakwera mamita 157. Amakwera 140. Ku Jeddah, m'dziko la Saudi Arabia, kuli wina wamkulu kuposa ameneyu, wotchedwa King Fahd's Fountain, yemwe madzi ake amatuluka pa makilomita 375 pa ola. Masamu opanda mpweya akuti akadapyola mamita 550, koma amathera cha m'ma 300. Liwiro likamakula, msonkho womwe mpweya umadula umakula koposa. Mnyamata wina adafunsa kuti dziko lachipululu likuponyeranji madzi m'mwamba. Ndidamuyankha kuti ndi a m'nyanja yamchere, koma nkhope yake idaonetsa kuti sadakhutire.

Mphepo nayo ili ndi gawo lake. Masana mwera ukamakuntha, mbali imodzi ya dimba madzi ankafika mamita 9, mbali inayo osakwana 6, ndipo wothirira ankanyowa yekha. Tidasintha nthawi n'kumathirira m'mamawa mphepo isanadzuke. Piriyodi yanga yomaliza idabwerera, ndipo makheni omwe ankatuluka 20 patsiku adatsika kufika pa anayi kapena asanu.

Ndikadakonda nkhani ikadathera pamenepa. Koma October atafika, dzuwa lili phwee, thanki idayamba kuuma nthawi ya 2 koloko masana, chinthu chomwe sichinkachitika kale. Zifukwa zake zili m'masamu omwe aja ndidapambanira. Pokweza thanki kuchoka pa mamita awiri kufika pa 6, liwiro la madzi lidakwera kuchoka pa mamita 6 kufika pafupifupi 11 pasekondi, ndiye kuti pabowo lomwelo pamadutsa madzi ochuluka pafupifupi kawiri pamphindi iliyonse. Ana nawo, poona kuti kuthirira kwasanduka masewera, ankathira mopyola muyezo. Mbali inayi pampu ya sola tsopano imayenera kukweza madzi mamita anayi owonjezera, choncho imadzaza thanki mochedwerapo. Tsiku lina ophunzira adasowa madzi akumwa masana onse, ndipo ahedi adalamula kuti dimba lizithiriridwa masiku atatu okha pasabata mpaka mvula itagwa. Tomato wina adafota.

Atcheya adabwera okha kunyumba kwanga madzulo ena, atakwera njinga yawo yakale. Ndidawapatsa mpando, mayi a kunyumba adawapatsa thobwa. Adamwa mosafulumira, n'kupukuta pakamwa.

"Aphunzitsi, paja mudati thanki yaikulu njosafunika?"

"Ndidati siponya madzi patali, atcheya."

"Nanga yopanda madzi imaponya mamita angati?"

Ndidalibe poyankha. Iwo ankafuna thanki yaikulu pa chifukwa cholakwika, koma thankiyo ikufunikadi. Ine ndidayankha bwino funso la mtunda n'kuiwala kufunsa la kuchuluka, lomwe munthu woti wathirira nazale za fodya moyo wake wonse sangaliiwale.

Chaka chino makolo asonkhanso, ndipo pamsonkhano wa mwezi wathawu ndine ndidaimirira koyamba kuvomereza ganizo la atcheya la thanki ya malita 5,000. Mmisiri wabwera kudzaona nsanja ndipo wati maziko ake adawakonzera matumba 50 aja, osati 100, choncho payenera kumangidwa ina pambali pake. Ndalama zomwe zasonkhedwa sizikwana zonse ziwiri, ndipo komiti ikumananso Loweruka likubwerali. Kumapeto kwa mabedi, mita imodzi ndi theka yomwe madzi safikako, tidasiya kubzalako repu. Mtsikana uja wa botolo, yemwe pano ali Fomu 4, adati tibzaleko nandolo, ndipo wayamba kale maluwa.